Mchere wa m'chisoti cha apongozi anga

Apongozi anga, a Hamidu Kalilu a ku Ngala, anadula nzimbe ku Dwangwa unyamata wawo wonse, ndipo msana utakana anabwerera kunyanja, kumasoka maukonde a anthu pansi pa mtengo wa mango. Ndi munthu wamfupi, wakamimba kake, wosachedwa kuseka. Chisoti chawo choyera savula pokhapokha posamba. Anthu amati ndi kupembedza. Ine ndinadziwa mochedwa kuti ndi nkhokwe.

Chaka chatha anayamba kudandaula mutu ndi chizungulire. Kuchipatala anawapeza ndi BP, nthenda ya kuthamanga kwa magazi ija, n'kuwapatsa mapiritsi akumwa tsiku lililonse. Anawauzanso kuti achepetse mchere ndi zokazinga, azidya masamba, aziyenda. Apongozi aakazi anatisiya kale, ndiye mwamuna wanga Sadick pobwerera ku Joni anangoti, "Bambo ndakusiyira iwe."

Mtima wanga unali m'mwamba. Bambo anga ondibereka anagwa ndi nthenda yomweyi, mpaka lero mkono umodzi sugwira. Komanso a Hamidu amakhala tsiku lonse atanyamula mwana wanga Saida. Ndinkangoganiza kuti tsiku lakugwa adzagwa naye.

Vuto ndi lakuti ine ndine mtengwa, ndipo pakhomo pano mtengwa sayankhula ndi apongozi aamuna maso ndi maso. Moni umapereka utagwada poteropo, basi. Choncho zonse zinkadzera mwa Saida, munthu wa mano awiri, wosadziwa ngakhale kunena kuti amama.

"Saida, uwauze agogo ako kuti nthawi ya mankhwala yakwana," ndinkatero ndili kuseri kwa chitseko.

"Saida, uwauze amako kuti ndamwa kale."

"Saida, uwafunse agogo, nanga piritsi lili pamphasalo ndi la yani?"

"Uwauze kuti limenelo ndi lamawa, likungowothera dzuwa."

Pamapeto pake ankamwa, uku akudandaulira Saida kuti dziko laipa.

Za kuyenda anavomera msanga, mpaka ndinakayikira. M'mawa uliwonse ankanyamuka ndi ndodo, n'kubwerako milomo ikunyezimira. Tsiku lina ndinabereka mwana n'kuwalondola. Ulendo wonse unkathera pachiwaya cha tchipisi kumsika. Atandiona sanachite manyazi. Anasuzumira kumsana kwanga n'kunena kuti, "Saida, adokotala anati ndiziyenda. Kopita sananene."

Koma chimene chinandisowetsa mtendere ndi mchere. Ndinauchepetsa mu usipa, m'chigwada, paliponse, koma iwo osadandaula, kondowole n'kumatha mbale yonse. Kuchipatala akawayeza BP yawo inali pomwepo, ndipo namwino ankandiyang'ana ine ngati ndine ndikuwapha. Ndinayamba kusuzumira pampanda akamadya pakhonde. Ndinkangoona akusamba m'manja, akuti bisimila, akukonza chisoti, kenako dzanja likuzungulira pamwamba pa ndiwo. Ndinkati mwina ndi duwa, pemphero la akuluakulu.

Amene anaulula ndi Saida. Masana ena ali pamiyendo pawo anakoka chisoti chija, ndipo kajumbo kamene kanabisidwa m'menemo kanagwa n'kumasuka, mchere mbwee pamphasa. Mwana anatapa dzanja lonse kulunjika nalo kukamwa.

Sindikudziwa kuti mpanda ndinaudutsa bwanji. Ndinagwira kadzanja kaja, n'kukapukuta ndi chitenje, kenako ndinapezeka ndaima chilili, ndikuwayang'ana apongozi m'maso.

"Bambo, mukufuna mugwe ngati bambo anga? Mugwe mwana ali m'manja?"

Ndinaganiza kuti mawa lomwe ankhoswe aitanidwa, ine ndikatulidwa kwathu ku Dwambazi ndi katundu pamutu. A Hamidu anayang'ana mtengo wa mango nthawi yaitali, dazi lili pamtunda. Kenako anayang'ana kadzanja ka mdzukulu wawo, kamene kanali kakadali ndi timibulu ta mchere m'zala.

"Saida," anatero motsitsa mawu, "uwauze amako kuti ndamva. Uwauzenso kuti m'thumba la mkanjo wa Lachisanu muli wina, akachotse pochapa. Wa m'chitini cha ulusi ndikataya ndekha."

Wa m'chitiniwo ndinakataya ndine, chifukwa ndimawadziwa.

Masiku ano ndiwo ndimakoleretsa ndi mandimu, anyezi ndi tomato. Amadya akung'ung'udza kuti nsomba ikukoma ngati yakwiya, koma amadya. Mapiritsi amamwa ine ndikuona. Kuyenda amalowera kumchenga, kumene kulibe chiwaya, ine pambuyo ndi mwana kumsana ngati wapolisi. Mwezi watha namwino anati BP yatsika, apitirize chomwecho osasiya mankhwala. Atandiyeza inenso anati yanga ikufuna kukwera, ndichepetse nkhawa. Apongozi anaseka njira yonse.

"Saida, uwauze amako achepetse kusuzumira pampanda."

Sindinasiye. Koma amene apongozi akumuopa tsopano si ine. Saida wayamba kuyankhula, ndipo dzulo ndinawamva akumunyengerera ndi nthochi kuti zimene waona kumsika zisafike kunyumba.