Mbiya Imene Ndinamata ndi Dothi

Ndikukumbukira bwino lomwe tsiku limene ndinaipitsa mbiri ya achemwali anga a Elube, ndipo ndaona kuti n'koyenera kulemba nkhaniyi mwadongosolo, monga mmene inachitikira, kuti anzanga a msinkhu wanga aiweruze okha.

Zinachitika kwathu kufupi ndi Liwonde, m'zaka za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, m'mwezi wa Okutobala, pamene mchenga umawotcha mapazi. Ndinali ndi zaka ngati khumi ndi chimodzi, ndili mu Sitandade 2 pasukulu ya mishoni. Atate anali ku Halale kuntchito. Chifukwa cha ichi, amayi anafulula mowa wa dima, ndiko kuti mowa woitanira anthu kudzatilimira munda wa thonje mvula isanagwe. A Elube, amene anali atangokwatiwa kumene ndi alamu anga a Matiyasi, ndiwo ankasinja chimera ndi kuvundula phala.

Pano ndiyenera kufotokoza mwambo. Makolo ankanena kuti mkazi wogwira ntchito ya mowa asakhalire pamodzi ndi mwamuna wake kufikira mowawo utapsa. Akalakwira lamuloli amakhala wotentha, ndipo mowa umalusa, kusefukira kapena kusasa. Mwana wamng'ono ankamuyesa wozizira. N'chifukwa chake ntchito yolondera inagwera ine.

Atathira chimera chomaliza, mowa unayamba kuwira mwamphamvu m'mbiya yaikulu, m'kanyumba kathu kophikira. Amayi anali atasiya mpata kukamwa kwa mbiya, navindikira ndi lichero lokha, naika mbiya ina yopanda kanthu pambali. Malangizo awo anali omveka.

"Sitefano, thovu likakwera, tunga ndi chikho uthire mu inayo. Uziwaza madzi ozizira kunja kwa mbiya. Usatseke ayi, mowa umapuma."

Atatero anapita kukaitana anthu a dima, ndipo a Elube anatsikira ku Shire kukatunga madzi.

Poyamba ndinatsata malangizo. M'kanyumbamo munali fungo lotsekemera losakanizika ndi lowawasa, lokola pakhosi. Mowa unkalira ngati mvula yowaza pa masamba ouma, ndipo thovu lotuwa linkakwera ndi kukankha lichero. Ndikatunga linkatsika, ndikangokhala pansi labwereranso. Thukuta linkandiyenderera, ntchentche zili ng'waa. Pamenepo ndinakumbukira phunziro la ukhondo, limene aphunzitsi anatiuza kuti chakudya chilichonse chiyenera kutsekedwa zolimba. Ndinalingalira kuti amayi sanapiteko kusukulu, pamene ine ndinali wachiwiri m'kalasi.

Motero ndinabwezera m'mbiya yaikulu mowa wonse umene ndinatunga, kufikira unadzaza. Ndinaika mbale yachitsulo kukamwa kwake, ndi kumata m'mbali monse ndi dothi lonyowa, monga timamatira mbiya ya mbewu. Pamwamba ndinasanjika mwala woperera. Ndinaiyang'ana ntchito yanga mokhutira, ndipo ndinapita kukakhala pansi pa mtengo kudya mango aawisi ndi mchere.

Dzuwa litafika paliwombo ndinamva kuphulika. Nditathamangira, ndinapeza mwala uli pansi, mbale itagwera paphulusa, ndipo khosi la mbiya litang'aluka. Mowa unkatuluka ngati wamoyo, kuyenderera mpaka pakhomo. Nkhuku zinali zitafika kale, ndipo tambala wathu, amene ankamwa mwakhama kuposa zonse, anayamba kulira nthawi yosayenera. Ine sindinaseke. Ndinatola zibuma zonse za dothi ndi kuzitaya kutchire, ndinatsuka mbale, ndi kubwezera lichero pamalo pake.

Amayi anafika pamodzi ndi akulu awo, amene tinkawatchula kuti amayi aakulu. Anandifunsa ngati ndinatunga, ndipo ndinayankha kuti ndinatunga ndithu koma mowa unandiposa mphamvu. Nthawi yomweyo a Elube anatulukira, mtsuko uli pamutu. Amayi aakulu anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Elube, masiku anayi okha akukanika? A Matiyasi akadathawa kodi? Taona moto wako wang'amba mbiya!"

"Iyayi, amayi, ine sindinalakwe," anatero a Elube. Anandiyang'ana kamodzi, natula mtsuko.

Mowa umene unatsala unali wochepa, ndipo pa dima panabwera anthu owerengeka. Iwowa analima pang'ono, akuimba nyimbo yonyoza mkamwini wosadziletsa. Mbali yotsala ya munda anaimaliza a Matiyasi okha, mutu uli pansi. Kuyambira tsiku limenelo a Elube sanaloledwenso kukhudza chimera cha munthu aliyense, ndipo akazi a m'mudzi anawapatsa dzina lakuti Anamoto. Ine ndinkalimva dzinali pachitsime ndi patchalitchi pomwe, koma ndinasunga pakamwa panga.

Patapita zaka zambiri, ndili kalaliki pamsika wa thonje ku Balaka, ndinapalasa njinga kupita kwa a Elube kukaulula. Ndinawapeza akusenda chinangwa. Ndinafotokoza zonse motsatana, mawu amene ndinawakonzeratu panjira. Iwo sanaleke kusenda.

"Achimwene, zimenezo mwabwera nazo panjinga? Ndinadziwa tsiku lomwelo. Dothi linali m'zikhadabo zanu."

Ndinafunsa chifukwa chimene sananenere.

"Amalume, eni mbumba, akadakutulutsani sukulu, kuti ikukuzunguzani mutu. Ndiye mukadakhala kalaliki wa nkhuku?" Anaseka, nandipatsa chinangwa chachiwisi.

Masiku ano mowa amafululira m'migolo yachitsulo imene sing'aluka. Ukasefukira, achinyamata amangonena kuti kwatentha kapena chimera chachuluka, ndipo palibe amene amafunsa mkazi kumene wagona. Kusintha kumeneku ndikuvomereza ndi mtima wonse. Koma kunafika mochedwa kwa a Elube. Ine ndinaulula kwa iwo okha, kuseri kwa nyumba, osati pamaso pa anthu amene anawanyoza. Pa maliro awo ndinamva nkhalamba ina ikufunsa kuti wamwalira ndani, ndipo inayankhidwa kuti ndi Anamoto. Ndinali pomwepo, nditavala jekete, ndipo ngakhale tsiku limenelo sindinatsegule pakamwa.