Mabota Amene Ndinakatenga kwa Achimwene

Mwana wanga woyamba anakhala nthawi yaitali wopanda ntchito. Ankangothandiza amalonda kusenza matumba pa Entre Lagos, tsiku lina apeze, tsiku lina abwere chimanjamanja. Ndiye atamulemba ku pedireira, kumene amaswa miyala yothira m'njanji ya sitima za malasha, ndinalowa m'nyumba masana omwewo n'kugwada. Mphale ndinaisiya mumtondo, nkhuku zinadya mmene zinafunira. Ndinangoti, Ambuye, mwandikumbukira.

Asanagwire mwala ngakhale umodzi, anayamba ndi maphunziro, iwo amati forumasau. Akaweruka ankakhala pakhonde n'kumandiuza zimene aphunzira, ine ndikusenda chinangwa.

“Amayi, kumeneko munthu suyenda mmene wafunira. Pali njira ya anthu, pali njira ya makina. Galimoto ikamabwerera m'mbuyo suima kumbuyo kwake, ngakhale woyendetsayo akhale mnzako wapamtima. Makina akatsamwa mwala sulowetsa dzanja. Umayamba wazimitsa, n'kutseka ndi loko wako, kiyi n'kuika m'thumba mwako.”

Zina sindinkazimva bwino, sukulu yanga inathera panjira. Koma mtima unkakhala pansi kudziwa kuti kuli anthu amene amaganizira zala za mwana wanga. Anamupatsa chisoti cholimba, magalasi, zotseka m'makutu, chophimba pamphuno chifukwa cha fumbi, ndi nsapato za jombo zimene kumeneko amati mabota. Mabotawo anali olemera, kutsogolo kwake kuli chitsulo choti mwala ukagwa usaphwanye zala. Anandiuza kuti m'mawa uliwonse amaima pamzere pageti, ndipo mayi wina woona za chitetezo amawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Chikasowa chimodzi, sulowa.

Tsopano ndinene za achimwene anga, amene ndinapondana nawo. Amakhala cha ku nyanja ya Chiuta, amalima ndi kuwedza. Nkhondo itatha, pamene tinkabwerera kuchokera ku Malawi kumene tinathawira, ine ndinali wamasiye, amuna anga tinawasiya m'manda kumeneko. Mwanayu anali wamng'ono. Achimwene ndi amene anamunyamula paphewa, anandimangira nyumba, anandiswera mphanje. Kwathu kuno mwana ndi wa amalume ake, ndipo iwo udindo umenewo sanauzembe tsiku ndi limodzi lomwe.

Atamva kuti mphwawo wapeza ntchito, anabwera panjinga Loweruka kudzakondwera nafe. Ine ndinali kutchalitchi, linali tsiku la gulu lathu losesa. Pobwera ndinakumana nawo akutuluka kale, akumwetulira mano onse panja, mabota atawamangirira kumbuyo kwa njinga ndi mphira.

“Mlongo, mwanayu munalera bwino,” anatero. “Ndangoyesa, angokhala ngati anachita kuyeza phazi langa. Iye mwini wati tengani, amalume.”

Ndinawathokoza chifukwa chobwera, iwo n'kupalasa. Mwana ndinamupeza atakhala pansi akutokosa dothi ndi kamtengo.

“Nanga Lolemba uvala chiyani?”

“Ndivala nsapato zanga zansalu zija. Thalauza ndi lalitali, sadzaona.”

Lolemba dzuwa lisanatenthe n'komwe, anali atabwerako. Chisoti anachiika pampando. Anandiuza kuti mayi uja anangoyang'ana pansi n'kumuchotsa pamzere. Anamuuza kuti mabota ena sapereka mpaka munthu abweze akutha, ndipo akapanda kubwera nawo sabata yomweyo, pali anyamata ambiri amene amadikira kunja kwa geti. Mabota ogula pamsika sawalola, amachita kuponda kutsogolo kuti amve ngati muli chitsulo. Kubwereka kunali kosatheka, aliyense anali atavala ake.

“Pita ukawafotokozere amalume ako,” ndinatero.

“Amayi, ine ndikatsegule pakamwa panga kunena kuti bwezani? Kwa iwo aja? Bola ntchitoyo ithe.”

Ndinamuyang'ana. Munthu wamkulu ndevu pepeya, koma pamenepo anali ngati wangosiya kumene bere. Sindinamukalipire. Ndi ine ndemwe ndinamuphunzitsa kuti malume sakanizidwa kanthu.

M'mawa mwake ndinapemphera, ndinamanga chitenje, n'kunyamuka. Inali nyengo yotentha mvula isanagwe, mchenga wa m'njira ukuwotcha kudutsa m'mapatapata. Bondo langa lamanzere linayamba kale kuvuta, ndiye ndinkayenda n'kumapuma pansi pa mitengo ya mango. Bambo wina wogulitsa nsomba, amene ankabwerera kunyanja ndi dengu lopanda kanthu, anandimvera chisoni n'kundikweza panjinga yake. Mulungu amudalitse kumene ali. Ndinafika ndikununkha matemba thupi lonse.

Achimwene ndinawapeza pakhonde akusoka ukonde, mabota ali kuphazi, dzuwa lonse lija, opanda ndi sokosi zomwe. Alamu anga, akazi awo, anandilandira akuseka.

“Alamu, mwabwera bwino mudzaone. Achimwene anuwa atsala pang'ono kugona nawo. Dzulo apita nawo kumaliro, anthu m'malo moyang'ana bokosi ankayang'ana mapazi.”

“Nsanje basi,” anatero achimwene. “Iwe unayamba wavalako nsapato yokhala ndi chitsulo?”

Tinaseka tonse. Nkhani sindinaiyambe msanga. Tinakamba za mbewu, za madzi a m'nyanja amene anali ataphwera kutali, za odwala a m'mudzimo. Tinadya. Titasamba m'manja, alamu atapita kukatsuka mbale, ndinasendera pafupi.

“Achimwene, mwana wanu am'bweza kuntchito.”

“Walakwa chiyani?”

“Sanalakwe. Akuti sangalowe opanda mabota.”

Anasiya kusoka. 

“Ndiye wakutumani?”

“Sananditume. Akanadziwa kuti ndikubwera kuno akananditsekera m'nyumba.”

“Ife tili anyamata tinkasenza zitsulo za njanji yomweyo ndi mapazi okhaokha. Tinafa?”

“Simunafe, achimwene, Mulungu anakusungani. Koma masiku ano salola. Akuti mwala wake ukagwera phazi losavala, zala zimatsalira pomwepo. Komanso mabotawo si ake. Ali ngati khasu la mwini munda limene munthu amakupatsa ukapita kuganyu.”

“Khasu,” anatero, n'kuseka pang'ono kuseka kopanda chimwemwe. “Mwana ndinamunyamula paphewa ine kuchokera kumalire, akundikodzera m'khosi. Lero nsapato zokha zandikulira.”

Zimene ananenazo zinali zoona. Ndinangowerama, mumtima ndikuti Ambuye, lankhulani Inu, ine mawu andithera.

Kenako anawerama n'kuyamba kumasula zingwe, pang'onopang'ono, ngati munthu wosenda bala. Atavula ndinaona mapazi awo. Zidendene zinali zong'ambika ming'alu yakuya, ina ikutuluka timagazi, zikhadabo zakuda, zina palibe. Ndi mapazi amene aponda matope a m'nyanja ndi minga ya m'munda moyo wawo wonse, ndipo gawo lina la minda imeneyo linali langa. Ndinayang'ana kumbali.

Anagwedeza mabotawo kuti mchenga utuluke, anawapukuta ndi malaya awo, n'kuwaika patsogolo panga.

“Akagwire ntchito,” anatero. Anatenganso ukonde wawo.

Pochoka sanandiperekeze. Chibadwire changa sindinachokepo pakhomo pawo iwo osandifikitsa pamphambano, koma tsiku limenelo anangoti muyende bwino ali chikhalire. Alamu ndi amene anandiperekeza, akundiuza kuti ndisadandaule, mtima wawo uphwa. Mabota ndinawakulunga m'chitenje n'kusenza pamutu, kuti anthu a m'mudzimo, amene anawaona atavala kumaliro, asadziwe chimene ndanyamula. Mayi wina pachitsime anandifunsa kuti achimwene akupatsani chiyani. Ndinati chinangwa. Pobwerera sindinapeze njinga. Ndinafika dzuwa litapendeka, bondo litatupa ngati dzungu.

Mwana ataona mtolowo anadziwa. Sanafunse kuti amalume anena chiyani, inenso sindinamuuze. Anandiwiritsira madzi othowera bondo, kenako anakhala kuseri kwa nyumba akutsuka mabota ake.

M'mawa mwake anamulola kulowa. Koma asanayambe ntchito, pa nthawi imene amakumbutsana za chitetezo, mayi uja anamuimika kutsogolo kuti afotokozere anzake chimene chinachitika. Akuti anzakewo anaseka kwambiri, ndipo mpaka lero amamutchula kuti malume. Koma akuti ena amene ankaseka mokweza, pambuyo pake anamutsatira n'kumunong'oneza kuti nawonso kwawo akuvutika, wina apongozi akufuna chisoti, wina mkulu wake akufuna magalasi okwerera njinga yamoto. Kuyambira pamenepo mwana wanga zovala za ntchito amabwera nazo m'thumba, n'kuziika pansi pa bedi. Pakhonde saanikanso.

Atakhazikika pantchito anagula nsapato zachikopa zabwino kutauni ya Cuamba, zoti ndikapereke kwa amalume ake. Iye mwini anati sangathe kukaonana nawo maso. Ndinayendanso ulendo womwe uja. Achimwene analandira ndi manja awiri, anathokoza bwinobwino, n'kupatsa alamu kuti akasunge. Sanaziyese. Anandifunsa ngati kwathu mvula yayamba.

Mwana akadali pantchito, zala zake zonse zilipo, ndipo tsiku lililonse ndimathokoza. Ndimamuona akamabwera atayera fumbi mpaka m'nsidze, akutsokomola pang'ono, n'kumamufunsa ngati chophimba pamphuno chija amavaladi. Amati amavala. Achimwene sanapondebe pakhomo pano. Chaka chatha denga langa linafoleredwa ndi anthu aganyu, ntchito imene kale ankabwera kudzagwira okha osawaitana. Mwana amati ndipitenso ndikalankhule nawo, alamu nawonso amatumiza mawu omwewo. Ndipita, bondoli likalola.