Bere limene ndinamumana Paulo pa ulendo wa ku Halale

Chizindikiro choyamba ndinachimva Lachitatu masana, sitima itangowoloka mlatho wautali wa pa Zambezi. Ndinawerama kuti ndimupukute Agnesi kukamwa, ndiye bere langa lakumanzere linakhudza ngodya ya sutikesi. Ululu wake unandifika mpaka kukhwapa. Nditapisa dzanja m'bulauzi ndinapeza kachotupa kolimba ngati pichesi losapsa.

Kwathu ndi ku Bembeke, ku Dedza. Ndili ndi setifiketi ya uphunzitsi, ndipo ndisanakwatiwe ndinaphunzitsa atsikana zaukhondo kwa zaka ziwiri. Sindikunena izi modzitama ayi. Ndikufuna amayi anzanga aone kuti pepala lija silinandithandize pa tsiku limene ndinalifuna.

Amuna anga, bambo a Agnesi, ndi kalaliki pa fakitale ya mipando mumzinda wa Salisbury, umene kwathu timangoti ku Halale. Anachoka ndili ndi pakati pa miyezi itatu. Atapatsidwa nyumba ya anthu apabanja ku lokeshoni, analemba kalata yoti tibwere. Apo nkuti Agnesi ali ndi zaka ziwiri ndi theka, Paulo miyezi inayi. Apongozi anga anati ndidikire kaye mwana ayambe kukwawa. Ine ndinali nditatopa ndi kudikira. Tinanyamuka Lolemba, mwezi wa Okutobala, pa lole yopita ku Balaka, ndipo Lachiwiri tinakwera sitima.

Agnesi anali asanaionepo sitima. Itangolira, anandikwera pamwendo wakumanzere, nkugwira bulauzi yanga ndi manja onse, mutu atautsamiritsa pachifuwa. Ndikati ndimusunthe, ankakuwa mpaka anthu kutembenuka. Choncho Paulo ndinkangomuyamwitsa kumanja, kumene kunali malo. Ndinatero tsiku lonse la Lachiwiri mpaka Lachitatu, osaganizako kanthu.

Moyang'anana nane munakhala mayi wina wachikulire amene anakwerera ku Limbe. Njirayi anali ataiyenda kangapo. Anali munthu wabwino: ankanditungira madzi pa masiteshoni, ndipo ankandigwirira Paulo ndikamapita ndi Agnesi kuchimbudzi. Ataona kuti ndikufuna kumuika Paulo kumanzere, anandigwira dzanja.

"Limenelo musamupatsenso, mayi. Mkaka wagonamo, ndiye ndi kutentha kunoku wasasa. Akatsegula m'mimba m'sitima muno mumutani?"

Mawu amenewa ndinkawamvanso kwathu. Ku koleji sanatiuze kuti ndi oona kapena abodza, ndipo ine sindinafunsepo. Ndinayang'ana Paulo, thukuta lili kamukamu m'khosi, ine wa kumapiri wosadziwa kuti dziko limatha kutentha chotero, ndipo ndinachita mantha. Ndinabweza bere m'bulauzi nkulimanga ndi mpango. Mayiyo sindiwaimba mlandu. Anandiuza zimene nawonso anauzidwa.

Tinasintha sitima ku Dondo ndipo tinafika ku Halale Lachisanu m'mawa. Anthu anali piringupiringu, zilankhulo zosamveka, nyumba zosanja mbali zonse. Bambo a Agnesi anatipeza okha. Anamunyamula Paulo koyamba. Koma atatambasulira dzanja Agnesi, mwana anabisala kumbuyo kwanga nkuyamba kulira. Anali atawaiwala.

"Mwayenda bwanji, amake Agnesi?"

"Tayenda bwino."

Bodza langa linayambira pamenepo. Chimene ndinkaopa ndi ichi: ndikanena, andigoneka m'chipatala, ndiye Agnesi atsala ndi ndani? Ndi bambo amene akuwathawa? Komanso ndiulule, sindinkafuna kuti kalata ikafike ku Bembeke yoti apongozi ankanena zoona.

Loweruka masana ndinayamba kunjenjemera ndi kuzizidwa, dzuwa lili ng'aa. Lamulungu ku Misa ndinalephera kugwada. Lolemba bere linali litafiira ndi kunyezimira, likugunda ngati lili ndi mtima wakewake. Amuna anga akapita kuntchito ndinkalithowa ndi nsalu yotentha, akamabwera ndinkafunda shawelo nkumati ndi kutopa kwa ulendo. Chakudya chinandikanika. Kenako mkaka wa kumanja nawonso unayamba kuchepa. Paulo ankayamwa, nkusiya, nkulira, ndipo matewera ankakhala ouma nthawi yaitali. Ndinkaona zonsezi, koma ndinkangoti mawa zisintha.

Lachinayi m'mawa ndinagwa pampopi ndi ndowa m'manja. Amene anandidzutsa ndi mayi wa nyumba yoyandikana ndi yathu, Mshona, amene tinkangopatsana moni ndi manja. Anandivundukula shawelo, anayang'ana kamodzi, nkutumiza uthenga kufakitale.

Kuchipatala tinakhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, khadi lili m'manja, tikusuntha pang'onopang'ono. Dokotala, mzungu, anagwira bere nkunena m'Chingelezi kuti ndi chithupsa chachikulu, chadzaza mafinya, ndipo ndachedwa ndi sabata yathunthu. Mawuwo ndinawamva ndekha, womasulira asanayambe. Anandigoneka tsiku lomwelo, ndipo Lachisanu anandigonetsa tulo nkutumbula.

Moyo wa m'wodi unali umodzimodzi tsiku ndi tsiku. Belu m'mamawa, kagalasi koyezera kutentha m'kamwa, jakisoni wa penisilini kangapo pa tsiku mpaka kusowa mbali yogonera. Ikakwana naini koloko manesi ankabwera ndi kangolo kutsuka bala, kusolola nsalu imene anaiika m'kati nkuikamo ina. Ndinkaluma pilo. Paulo anamuika m'chipinda cha makanda, ndipo kwa masiku anayi, thupi langa likadali lotentha, ankamupatsa mkaka wa m'chitini m'botolo. Agnesi sankaloledwa kulowa konse.

Bedi langa linali pafupi ndi windo. Panja pankaoneka machumuni ndi mitengo ya maluwa ofiirira imene sindinkaidziwa dzina. Maso anga ankangofunafuna phiri, koma kunalibe. Ndinkakumbukira nkhungu ya m'mawa ikamakwera kuchokera kudimba, belu la ku mishoni likumveka tili kukumba kachewere, ndi madzi a pachitsime ozizira mpaka mano kuwawa. Ndinkalakalaka kapu imodzi yokha ya madzi amenewo. Koposa zonse ndinkawasowa amayi anga. Kwathu matendawa sindikanawabisa ngakhale tsiku limodzi. Iwo akanangoona mmene ndikutulira mtsuko, nkundiitanira kuseri kwa nkhokwe.

Tsiku lachisanu anandibweretsera Paulo. Ndinamuika kumanja. Ananunkhiza, anagwira pang'ono, kenako anatembenuza nkhope nkuyamba kulira, akukankha ndi timanja take. Ankafuna botolo. Ndikunena zoona, mpeni wa dokotala sunandipweteke ngati zimenezo. Ndinadziwa kuti akakanitsitsa, mkaka uuma, ndipo mwana wanga akulira chitini m'dziko la eni, pomwe ndinali nditaona kale makanda a botolo akubwera m'chipatalamo atatsegula m'mimba.

Nesi wa m'wodi yathu bambo ake anali ochokera kwathu ku Nyasaland, ndiye ankalankhula Chinyanja chothyokathyoka. Nditamuuza za m'sitima, sanaseke.

"Mkaka susasa m'bere, amai. Ukautsekera ndiye umachita izi. Mankhwala ake anali mwana yemweyu."

Anandiphunzitsa kukama ndi manja m'kapu, maola atatu alionse, mbali zonse ziwiri, ngakhale kumanzere kunkawawa. Anauza a kuchipinda cha makanda kuti asiye botolo, azimumwetsa ndi supuni. Poyamba ndinkapeza madontho ongonyowetsa pansi pa kapu. Nthawi iliyonse ndinkayamba ndamuika Paulo kubere, ndipo nthawi iliyonse ankakana. Tinatero sabata yathunthu.

Lamulungu lachiwiri ndili m'chipatala, bambo a Agnesi anabwera ndi botolo la thobwa. Anali atayenda lokeshoni yonse kufunsa mayi wa ku Dedza amene angawaphikire. Linali lonunkhira chimera ngati la kwathu, ndipo ndinamwa ndikulira. Kenako iwo anati:

"Mukanandiuza pa siteshoni pomwe paja, amake Agnesi. Ine si mlendo."

Pochoka anandiuza kuti ndiyang'ane pawindo akatuluka. Kunja kwa mpanda kunaima mayi woyandikana nafe uja ali ndi Agnesi. Bambo ake atafika, mwana anawathamangira. Anamukweza pamapewa, iye atawagwira makutu, akuseka. Bambo ake anamulozera windo langa, koma linali patali, mwana sanandione. Chinthu chimene ndinabisira matenda sabata yathunthu chinali chitatha chokha m'masiku ochepa.

Lachiwiri lotsatira, m'mawa, nesi anati tisamupatse supuni, timudikire adzuke ndi njala koma asanayambe kulira. Ndinamufungatira m'kati mwa mwinjiro, khungu ndi khungu, nkudonthezera mkaka pamlomo pake. Ananyambita. Anafunafuna. Kenako anagwira, ndipo ndinamva akumeza. Sindinasunthe, ngakhale kupuma ndinkaopa. Nesi anangokoka katani nkumapita.

Ananditulutsa nditakhala masiku khumi ndi asanu ndi limodzi. Kwa milungu itatu ndinkapitabe kukatsukitsa bala. Kumanzere Paulo anabwererako bala litatseka, ndipo mpaka lero mkaka wa kumeneko ndi wochepa kuposa wa kumanja.

Ndikulemba muno mu Febuluwale. Thupi lili bwino, kwatsala chipsera chotalika ngati chala chaching'ono, chimene chimayabwa kukachita mitambo. Paulo wanenepa ndipo wayamba kukwawa. Apongozi ndinawalembera ndekha zonse mmene zinayendera. Anayankha kuti mapichesi anabereka kwambiri chaka chino, ndipo ena anatiyanikira. Za kuchedwa kapena kufulumira kwa ulendo sanatchuleko.

Kwa inu amayi amene mukukonzeka kutsatira amuna anu kuno kapena ku Joni, ndikupempheni izi. Panjira muziyamwitsa mbali zonse, ngakhale malo achepe, ngakhale anthu akuyang'aneni. Bere likalimba musalimange, mupatseni mwana. Likafiira kapena thupi likatentha, nenani tsiku lomwelo, pitani kuchipatala. Kuno kulibe amayi anu oti akuoneni mmene mukutulira mtsuko. Muyenera kutsegula pakamwa nokha.

Ife tikuyembekeza tchuthi cha bambo a Agnesi kuti tikaone kwathu. Sindikudziwa kuti chibwera liti. Agnesi akamva sitima ikulira kutali amandifunsabe ngati ndi ya ku Bembeke. Tagwirizana kale kuti tsiku limenelo iye adzakhala pamwendo pa bambo ake.