Zilembo Zitatu pa Pepala la Msilikali

Ine ndaphunzitsa Chingerezi zaka zambiri pasukulu ya kwathu ku Zingalume, ndipo sindibisa, ndimadzitama nacho. Makalata a kuchipatala, a kukhoti, ngakhale achikondi a anthu aimvi, onse amabwera nawo kwa ine. Koma pepala limene linanditsitsa mapewa linatuluka m'nyumba mwa amayi anga omwe.

Atate awo a amayi anapita kunkhondo yaikulu ya azungu amayiwo ali m'mimba. Sanabwerere, ndipo palibe amene anabweretsa uthenga wa maliro. Kunangobwera pepala, ndi msilikali wina wa ku Zemba amene anati, "Andipatsira kuofesi kuti ndidzasiye kuno," china osadziwa. Agogo aakazi anakhala choncho mpaka imfa, osameta tsitsi lamaliro, osasudzulidwa ndi akuchimuna, osakwatiwanso. Pamtondo anzawo ankanong'onezana kuti mwamuna anapeza wina kumigodi. Amayi anakula akumva zimenezo.

Chaka chatha titangokumba mtedza, miyendo ya amayi inayamba kutupa. Anandiitana pakhonde.

"Iwe, ndikufuna tiwalire atate ine ndisanatsinzine. Tikwirire thunthu la nthochi pambali pa amayi, timete, zithe."

Kwathu munthu akafera kutali mtembo osapezeka, timakwirira nthochi m'malo mwake. Koma mwini mbumba wathu, mlongo wawo wa amayi, anakana kwamtuwagalu. Ine ndinapsa mtima. Ndinati kodi munthuyo angakhale moyo mpaka lero, ndi mwala? Iwo anayankha mosakweza mawu: "Kufa anafa, mwana wanga. Koma ngati anatuluka usilikali wamoyo nakakhala ndi banja kwina, anamuika kumeneko. Munthu mmodzi sakhala ndi manda awiri. Tiuze kuti anafera kunkhondo, mawa lomwe tikumba."

Ndiye amayi anatulutsa pepalalo m'buku lawo la nyimbo za kutchalitchi. Linali lofiira ngati fodya wouma. Anandipatsa ndi manja awiri.

"Paja umati palibe Chizungu chokukanika."

Abale inu! Mawu athunthu munalibemo. Pte. Bn. Coy. T.O.S. Timizere tolembedwa ndi dzanja lothamanga, mzere uliwonse zilembo ziwiri zitatu ndi kadontho. Ndinavala magalasi, ndinavula. Ndinalitembenuza. Amayi maso ali pakamwa panga. Ndinati ndikufuna kuwala kwabwino, koma kunali masana dzuwa lili paliwombo.

Mlungu wonse ndinkakwera pachulu cha kuseri kwa sukulu, pamene foni imagwira, kumafunsa chilembo chimodzichimodzi. Foni inkandipatsa mayina a makampani ndi matimu a mpira. Pamene ndinazindikira ndekha panali pamodzi, polembedwa hosp., ndiye kuti chipatala. Mulungu andikhululukire, ndinasangalala. Ndinati basi, anadwala, anafa, amayi apumula. Ndinatsika pachulu ndikuthamanga ngati mwana. Nditayang'anitsitsa, pansi pake panali mizere ina iwiri. Munthu wakufa samulembera zina.

Mphunzitsi mnzanga anandiuza za bambo wina ku Pembamoyo, amene anapuma usilikali ndipo tsopano amakonza njinga pansi pa mtengo wa mango. Ndinapalasa kupita kumeneko Loweruka, pepala ndalikulunga m'pulasitiki pachifuwa. Bamboyo anasamba m'manja kawiri asanaligwire. Anawerenga mosavuta, chala chikuyenda pamzere.

"Apa akuti anali msilikali wamba. Apa gulu lake lalikulu, apa kagulu kakang'ono. T.O.S., alowa m'chiwerengero cha gululo. Apa agonekedwa kuchipatala. Apa atuluka, abwerera kuntchito."

"Nanga pomalizapa?"

"S.O.S. Achotsedwa m'chiwerengero."

"Ndiye kuti anafa?"

Anapukusa mutu. "Wakufa amachotsedwa. Wothawa amachotsedwa. Wosamutsidwa kupita gulu lina, womaliza ntchito yake, onse zilembo n'zomwezi. Mlembi wa asilikali amangofuna kudziwa kuti mawa aphikira anthu angati. Chifukwa chake amalemba patsogolo, ndipo pano pepala linathera pomwepa."

Kenaka anakweza pepalalo kudzuwa nandionetsa timabowo tiwiri pakona, tadzimbiri m'mphepete. Anati panali tsamba lina lolumikizidwa ndi kachitsulo. Nambala ya msilikali ndi nkhani yotsalayo ziyenera kukhala pamenepo. Popanda nambala, anati, ngakhale ku Lusaka sangandithandize, chifukwa dzina la agogowo lili paliponse ku Chadiza kuno.

Ndinachita chinthu chimene ndimakwapulira ana m'kalasi. Ndinawapempha kuti aname.

"Bambo, amayi anga akudwala. Mungotsagana nane mukanene kuti anafa. Inu akukhulupirirani, ndinu msilikali."

"Mayi, mukufuna ndikumbitse manda ndi bodza? Akadzatulukira adzukulu ake a kwina, mudzafukula nthochiyo?"

Ndinawalalatira, sindikana. Ndinati asilikali nonse mitima yanu ndi yachitsulo. Iwo anangondipopera tayala lakumbuyo, nanditsanzika bwinobwino. Njira yonse ndinalira, fumbi likumatirira kumaso, ndipo ndinatsika kawiri kukankha njinga pamalo opanda chitunda.

Ndinapeza amayi pamkeka akusenda mtedza, miyendo atayika pa kampando. Sanandilonjere n'komwe.

"Akuti bwanji?"

Ndinawafotokozera mzere ndi mzere. Pa chipatala anasiya kusenda. Nditati anatuluka wamoyo, anayambiranso. Ndinanena za zilembo zitatu zija ndi timabowo, ndipo mtima wanga unali ndi kachiyembekezo, chifukwa amayi sataya kanthu, ngakhale makadi athu a sikelo akadali nawo.

"Amayi, panali tsamba lachiwiri. Yankho lili pamenepo. Lili kuti?"

Nkhuku inafika mpaka palichero, osaiingitsa.

"Lija la chala?"

"Chala chanji?"

"Panali chidindo cha chala cha atate, cha inki. Amayi ankaikapo chala chawo akamapemphera. Zolembazo tinalibe nazo ntchito, ndani akanatiwerengera? Iwe unali usanayambe sukulu." Anakankhira lichero pambali. "Tsiku lowaika, amayi a chigwirizano atamaliza kuwasambitsa, ine ndinalichotsa pa linzakeli. Ndinawafumbatitsa m'manja m'bokosi. Ndinati apite ndi dzanja la mwamuna wawo, poti china sanawasiyire."

Ndinafuna kukuwa, koma ndikuwire yani? Ndinangokhala pansi pambali pawo. Mutu unali kulira ngati chigayo. Manda a agogo ali kutsidya kwa dimba lathu, ndimawaona ndikamathirira ndiwo.

"Ndiye kuti ndinakwirira ndekha," anatero amayi.

"Simunkadziwa, amayi."

Anatenga mtedza umodzi, nauyang'ana, osausenda. Kenaka anandifunsa ndi mawu aang'ono, onga a mwana wa giredi wani wofunsa njira ya kuchimbudzi.

"Nanga kumene anapitako alipo wowawerengera pepalalo? Paja amayi sukulu sanapiteko."

Ndinawathandiza kulowa m'nyumba, chifukwa mphepo inali itayamba.