Batani Lothamangitsa Anthu

Inu amene mwatopa ndi kulephera, imvani za mtsikana wina amene mpaka lero amatchedwa Pitani.

Tsiku limene analandira dzinali anali atakhala pakhonde la sukulu ya madalaivala ya mlamu wake, misozi ili chuchuchu. Mayeso anali atamukana, ndipo ntchito iyi ndi yokhayo imene inamutsalira. Mlamuyo anali atamutuma kuti apange fomu ya masilaidi, timasamba totsatizana pakompyuta, kuti ofuna kulembetsa azidziyankhira okha: funso, batani, funso lina.

Mtsikanayo anaikongoletsa mpaka ndi maluwa. Koma pa batani lopitira ku funso lachiwiri analembapo kuti "Pitani."

Anthutu ndi aulemu. Munthu akalemba dzina n'kuona kompyuta ikumuuza kuti apite, ankanyamula chikwama n'kupitadi. Bambo wina mpaka anaithokoza. Pofika masana, fomu inali ndi mayina okhaokha opanda nambala ya foni, ndipo sukulu ina ya madalaivala ya kutsidya kwa msewu inali itadzaza.

"Mlamu, batani lako lanena bwino," anatero mwini sukuluyo. "Nawenso pita."

Mtsikanayo anapempha mwayi wina. Mlamuyo analola, osati chifukwa cha chifundo ayi, koma poopa mkazi wake.

Ulendo uno sanathamangire kompyuta. Anadula makatoni, funso lililonse pa katoni yakeyake, n'kuwayala pansi pabalaza, mivi ikusonyeza kumene "Inde" akupita ndi kumene "Ayi" akupita. Woyesa anali mayi ake, munthu womvera chilichonse cholembedwa. Atawerenga "Bwererani," anabwerera kukhitchini. Atawerenga "Tumizani," anafunsa kuti atume ndani poti ana onse anali kusukulu. Mtsikanayo ankapsa mtima, kuseka, kufufuta, n'kulembanso. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Potsiriza mayiwo anayenda makatoni onse osadzuka pampando.

Fomu yatsopano inaikidwa. Woyamba kulowa anali bambo wothokoza uja. Analemba dzina, anayang'ana batani, anagwira chikwama. Kenako anachisiya n'kudina. Pabatanipo panalembedwa kuti "Pitirizani."

Lero masitolo ndi masukulu amamufunafuna mtsikana uja kuti awapangire mafomu, ndipo mlamu uja amauza aliyense kuti ndi iye anamuphunzitsa.

Nanunso moyo ukakulemberani kuti "Pitani," musanyamule chikwama msanga. Mwina pangosowa zilembo zochepa chabe. Osataya mtima, abale anga. Pitirizani.