A Manase atsitsa mphuno ya Datisani

"Galimoto ya amama Yunike njonyada, mphuno m'mwamba ngati mkazi wa kalaliki!" Anatero mayi wina wa usipa pamsika, ine n'kutola mawuwo, kumawabwereza ndi kayendedwe komwe, mpaka anyamata a Yufi oona makadi a chipani pachipata ankagwira m'mimba ndi kuseka. Gideon yekha sankaseka.

Iye ndiye ankayendetsa Datisani imeneyo. Matumba a mpunga wa ku Wovwe anali ataifooketsa kumbuyo, ndiye kutsogolo kunadzuka. Tsono munthuyo ngwamfupi, wamfupi zedi. Akakhala pachiwongolero ankangoona boneti ndi nsonga za mitengo. Tsiku lina ku Vinthukutu anagunda mwana wa ng'ombe atagona pamsewu. Sanafe, koma amama Yunike anati, "Mwana wanga, ndakupirira. Ndipeza dalaivala wamtali." Mkazi wa Gideon ali ndi pakati, ntchito ina palibe. Anathamangira kwa a Manase, makaniko wathu.

A Manase kwawo n'ku Ngara, mwana wa msodzi, koma bwato linkawasanzitsa. Anathawira ku Mbeya pa lole ali mnyamata, n'kubwerako imvi zitayamba, ndi masipanala m'thumba lachiguduli, khutu limodzi litagontha. Galaja yawo ndi dzenje pansi pa mtengo wa mango. Akalowamo amayimba nyimbo za kutchalitchi, ndipo ikaduka nyimbo, dziwani kuti bawuti yavuta.

Anaizungulira galimoto ija osaikhudza. "Masipuling'i a kumbuyo sitingawapeze, mwana wane. Kumbuyo kukakana kukwera, kutsogolo kutsike."

Ife oonerera tinadabwa. Galimoto n'kuitsitsa?

Anatiitana tisuzumire kunsi. Kunali zitsulo ziwiri zazitali, china kuno china uko, zochokera kumateyala. Anati ndi matoshoni, ndipo kutsogolo konse kumanyamulidwa ndi kupotoka kwa zitsulo zimenezo. Kumapeto kwa chilichonse kuli bawuti. Ukamanga galimoto imadzuka, ukamasula imagwada.

Anaikweza pa jeke, n'kuthira parafini pamabawuti, n'kuyamba kumasula. "Pole pole," ankadziuza okha Chiswahili chawo, kuno pang'ono, uko pang'ono, kuti isapendekeke. Ataitsitsa pa jeke anatiuza tiinyenyeze kutsogolo, ikhazikike. Kenaka anatenga bango, kuyeza teyala ili, kuyeza linalo, kulemba ndi chikhadabo.

"Gideon, kwera. Ndiyeza ndi maso ako, osati anga."

Anamwaza madeya patsogolo pa galimoto, nkhuku zawo n'kubwera.

"Ukuziona?"

"Yayi, adada. Ndikungomva kulira."

Jeke, sipanala, nyimbo, kunyenyeza. Abale, ine ndinaona ndi maso angawa chitsulo chonse chija chikuwerama ngati ng'ombe ikufuna goli, chifukwa cha dzanja limodzi la nkhalamba! Pakamwa panga, pamene sipatsekeka, panangoti kakasi.

"Tambala ndamuona! Lipombo lokha!"

Anamasulanso.

"Zonse, adada! Ndi anapiye omwe!"

"Basi, apa ndaima," anatero a Manase, akulowetsa zala pakati pa chitsulo ndi kampira kotchinga kuti chitsulocho chisagunde galimoto. "Ndikapitiriza muzilima msewu wa Wovwe ndi mimba ya injini." Anakoka chingwe m'mbali mwa mateyala, kuwongola limene linapotoka, n'kutuluka m'dzenje ali mbuu.

Amama Yunike anabwera okha kudzayesa. Anavula nsapato imodzi, kuiika pamsewu, n'kukhala kutsogolo manja atapinda. "Ukaiponda, makiyi anga." Gideon anayenda, anayenda, n'kuima ndendende, nsapato ili patsogolo pa teyala, yosakhudzidwa. Amama anatsika, kuivala, n'kuti, "Mawa m'mawa matumba akudikira. Usachedwe." Gideon anagwira dzanja la a Manase ndi manja awiri, girisi ndi girisi, n'kumangoti yewo, yewo.

Ine pamenepo pakamwa panatseguka. Ndinati, "Adada, mwavutikiranji ndi galimoto yonseyi? Bwanji osangomumanga Gideon, atalikeko?"

Anatembenuza khutu lakumva, kumuyang'ana Gideon kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kupukuta sipanala pa ovolosi.

"Ameneyu bawuti yake inachita dzimbiri ali mwana. Parafini wanga sangakwane."