Avelino Wometa ndi Chinangwa cha ku Mandimba

Avelino anafika ku Namwera mu 1987, nkhondo ya ku Mozambiki itafika povuta. Anabwera wapansi kuchokera ku Mandimba ndi mkazi wake Ines, ana awiri, ndi sizasi m'thumba la malaya. Anaika mpando pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika, napachika kalilole wothyoka ngodya, nayamba kumeta anthu.

Ali mnyamata anakhalako zaka ziwiri kusukulu ya ansembe, kumene anaphunzira zomwe ankazitcha filosofiya. Akafunsidwa kuti n'chiyani chimenecho, ankati, "Ndi kufunsa munthu kuti zimene akunenazo wazidziwa bwanji. Basi." Ndipo ankafunsadi, mpaka ena ankakameta kwina kuti mitu yawo ipumeko.

Chaka cha chilala chija cha 1992, a Mustafa, ogulitsa usipa wouma wa ku Malindi, anakhala pampandopo ali ndi mawu kukhosi.

"Chibwerereni inu othawa nkhondo, mvula nayo yatithawa," anatero.

"Mwadziwa bwanji, bambo?"

"Maso ndili nawo."

"Nanga chaka chija madzi anakokolola dimba lanu, ife tinali kuti?"

A Mustafa anakhosomola. "Munali konkuno."

"Ndiye mlandu wa chilala mwatipatsa ife. Wa mvula ija munapatsa ndani?"

A Mustafa ananyamuka mutu utametedwa mbali imodzi, navala chisoti mpaka m'makutu. Anabweranso Lachisanu m'mawa, chifukwa sakanalowa mumzikiti ali chomwecho, ndipo nkhani ya mvula sanaitchulenso.

Koma Avelino naye anali ndi pake pofewa. Chilichonse cha ku Mandimba chinali chokoma kuposa cha kuno: nyemba, uchi, ngakhale madzi. Chinangwa cha ku Namwera ankati chimamveka ngati ukutafuna chitsa.

Tsiku lina masana Ines anamuikira mbale ziwiri za chinangwa chophika.

"Ichi chabwera ndi mlamu wanu kuchokera kwathu," anatero, "ichi ndagula kwa a Abiba pamsika."

Avelino analawa cha a Abiba, nakankha mbale. Analawa chinacho, natsinzina.

"Mwaona, amake Sara? Dothi la kwathu silinama. Chikusungunuka chokha pakamwa!"

"Mwadziwa bwanji, bambo a Sara?"

"Lilime ndili nalo."

"Chonsecho n'cha a Abiba. Mtengo umodzi, poto mmodzi. Mlamu wanu wabwera liti, msewu wake uti?"

Avelino anayang'ana mbale ziwirizo nthawi yaitali. Kenaka anaseka mpaka kutsamwa, ndipo Ines anachita kumumenya kumsana. M'mawa mwake nkhaniyi anaifalitsa yekha pansi pa mango, kwa aliyense wobwera kudzameta.

"Ansembe anandiphunzitsa kufunsa anthu ena," ankatero, sizasi ikulira. "Mkazi wanga ndiye wandiphunzitsa kuti wabodza wamkulu ndimayenda naye m'kamwa mwangamu. Mtima ukakonda chinthu, lilime limangosaina."

Mu 1994 malole anayamba kunyamula anthu kubwerera kwawo. Avelino anatha sabata akusinkhasinkha, ndipo zifukwa zonse zimene ankapeza zinkati abwerere. Zimenezo n'zimene zinamukayikitsa.

"Palibe ngakhale chimodzi chotsutsa," anauza Ines. "Ndiye kuti sindikuganiza ayi, ndikungolakalaka. Nenani inu."

Ines anati ana azolowera sukulu ya kuno, munda wobwereka ukubereka, ndipo kwawoko nyumba inapsa kale. Anatsala.

Avelino anameta anthu a ku Namwera zaka zina khumi ndi ziwiri, kufikira manja atayamba kunjenjemera ndi ukalamba. Atacheka khutu la mphunzitsi wina, anapereka sizasi kwa mkamwini wake Petulo, Avelinoyo nayamba kuweta abakha.